Chala Changa ndi Chilombo Cholowa Popanda Odi

Amene akuti ndimanama aimirire pompano, asiye kunong'ona kuseri kwa chipewa. Ndikunena inu a Kachingwe, musayang'ane kumbali ngati simukundimva. Mwakhala mukuuza anthu pakhonde lino la sitolo ya a Jafali kuti chala changachi chinapindika chifukwa chitseko cha minibasi ya ku Blantyre chinandipana nditaledzera. Chioneni bwino. Bwerani pafupi, sichiluma. Kodi chitseko cha minibasi chimasiya nsonga ya chala yosalala chonchi ngati pansi pa botolo, yopanda ndi mizere yomwe, moti inki ya tsiku lovota imangotsetsereka n'kugwera pansi? Siyani kaye bawoyo, sathawa.

Ine Zakeyu Mtambalika, amene sukulu ndinalekezera Sitandade thuu chifukwa bambo anga anati mbuzi sizidya zilembo, ndine munthu woyamba m'Neno muno kuyenda dziko lonse lapansi nditakhala pampando, ndiponso ndine amene ndinapulumutsa boma lino ku mlandu umene ukanatha mbuzi zonse kuyambira ku Matandani mpaka ku Lisungwi. Zikomo wake? Anandichotsa ntchito. Mphezi indipeze pomwe ndakhalapa ngati ndawonjezerapo kanthu.

Zinali m'zaka zija matipate atangobwera kumene, anthu ayamba kuyankhula mokweza pamsika koma akuyamba kaye acheuka. Ine ndinkasesa pa ofesi ya bungwe la alimi a manachesi, kanyumba kamalata kuseri kwa msika. Azungu ena anatipatsa kompyuta, nati tizipezerapo ogula manachesi athu akunja m'malo momangowataya kwa mavenda. Inkayendera jenereta, ndipo intaneti yake inkadzera mu waya wa telefoni umene unkatsetsereka mapiri onsewa mpaka ku Mwanza, n'kukhotera ku Blantyre.

Koma laini imeneyo inali yansanje kuposa mkazi wamng'ono wa pamitala. Kuti muigwire munkayamba m'mawa, iyo ikulira krrr, tswiii, ngati mwana wa nkhumba wogwidwa mwendo, mpaka dzuwa pamutu. Mukaigwira n'kuisiya osaikhudza kwa kanthawi koti munthu asende nachesi limodzi, inkanyanyala n'kuduka, muyambirenso. Tsono pankafunika munthu wokhala pamenepo, kumangoigwiragwira kuti isaone ngati yaiwalidwa. Manijala wathu, a Kanyumbu, munthu wamimba ndi tayi wofiira, sakanatha zimenezo, chifukwa iwo tiyi wa m'mawa ankalumikizana ndi chakudya chamasana. Anandiitana.

“Zakeyu, khala apa. Gwira aka, dzina lake ndi mausi. Ukakasuntha, kamuvi ako pagalasipo kasuntha. Ukaona mawu abuluu okhala ndi mzere kunsi, ikapo kamuviko n'kudina. Usasiye mpaka ndibwere.”

Mwamva? Zakeyu. Dzina lokha, lopanda ndi “a” waulemu yemwe, ngati ndine mphwawo, pomwe ine ndinawaona akuyenda opanda kabudula. Komabe ndinakhala.

Sipanapite nthawi ndinazindikira chimene chinali m'galasimo. Mawu abuluu aja, amene iwo ankati malinki, ndi zitseko. Ukadina, waima pakhomo pa munthu. Ukalowa upeza zithunzi zake, katundu wake, nkhani za pabanja pake, ndi zitseko zinanso zopita kwa anansi ake. Tsono ine ndinaleredwa ndi anthu, sindinamere pachulu ngati bowa. Khomo la eni sulowa ngati nkhuku. Ndisanadine ndinkavula chipewa n'kunena kuti, “Odi!” Kenako ndinkadikira. A Kanyumbu ankati tsamba likuchedwa kutseguka chifukwa laini ndi yofooka. Bodza. Ameneyo ndi mwini nyumba akuvala malaya ndi kukankhira mbale kunsi kwa bedi. Akakonzeka, chinsalu chinkatseguka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ndiye kuti lowani. Kukakana kutseguka, ndinkadziwa kuti eni ake achokapo kapena kuli matenda, ndinkabwerera osakankha.

Ndiye ndinadina, abale anga, ndinadina! M'mawa ndinkalowa m'nyumba za anthu a kumene dzuwa limatulukira n'kuwapeza atadya kale chamasana, ndikapotoloka ndinkafika kwa azungu a kozizira kumene chisanu chinkatulukira pagalasi mpaka ndinkavala jekete pamwamba pa jekete mu Okutobala weniweni, ndinadutsa m'misika yogulitsa ndege monga mmene a Jafali amagulitsira sopo, m'zipatala zosokerera mitima ya anthu ngati zigamba, ngakhale m'nyumba ina mmene munalibe munthu koma amphaka okhaokha atavala zipewa, ndipo konseko anandizolowera, moti ndikangoti “O” chitseko chinkatseguka “di” asanatuluke mkamwa. Mukumva? Chala changa chinafika poti jenereta ikatha dizilo kompyuta sinkazima, inkayendera kutentha kwa chalacho, ndipo amayi okazinga zitumbuwa pamsika ankabwera kudzapala moto pa chala chomwechi. Ine ndili pampando, laini ija sinadukeko. Funsani aliyense amene analipo. Ambiri anamwalira, koma funsani.

Mavuto anayambira pampando. Unali mpando wozungulira, wamatayala, wofewa kumbuyo, umene unabwera pamodzi ndi kompyutayo. Alimi akalowa mu ofesi ankayamba kupereka moni kwa ine, chifukwa munthu amalonjera mpando asanalonjere tayi. Zimenezi zinkawadya m'mimba a Kanyumbu. Ndinkawaona podutsa akuusisita ndi diso. Ndinadziwa kuti chinachake chikuphikidwa, koma sindinadziwe mphika wake.

Mphikawo unatsika minibasi tsiku lina utavala thalauza. Anali mayi wa ku Blantyre, Nachisale, katswiri wa makompyuta, nthawi imeneyo ife tisanazolowere kuona mayi mu thalauza. Sindimunenera zoipa. Anandipatsa moni wabwino, wopinda maondo pang'ono. Koma moni wotero ndi umene ine ndimauopa, chifukwa mbuzi amaisisita asanaigwetse. Anandipempha mpando, nakhala, n'kuyamba kugogoda zilembo zoyera pagalasi lakuda, mizere ndi mizere, ngati akuwokera mbatata. Atamaliza anawomba m'manja kamodzi.

“Agogo, tsopano mupumuleko. Ndalemba pulogalamu. Ndi malamulo ouza kompyuta kuti izidzidinira yokha. Iziona malinki onse patsamba, isankhe iliyonse mwachisawawa, idine, ikafika uko isankhenso ina. Laini siidukanso.”

Agogo! Ine imvi zinali zisanayambe.

“Mwachisawawa, mayi? Osaona kuti ndi khomo la yani?”

“Paliponse pamene yagwera, agogo. Ubwino wake ndi womwewo.”

“Nanga odi izinena?”

Anaseka. A Kanyumbu anaseka mpaka tayi anakwera pamimba n'kuima chilili. Atapukuta misozi anati, “Zakeyu, mwezi uno ukatha mpando uwu ulowe mu ofesi yanga. Tsache lako lakusowa.”

Ndinatenga tsache, koma diso ndinalisiya pagalasi. Kamuvi kaja kanayamba kuyenda kokha. Mausi ili phee patebulo, palibe dzanja, koma iko kapita uku, kadina, kalowa, kasanaone ndi nkhope ya mwini nyumba yomwe katulukira khomo lina. Ine ndinakula nthawi ija munthu ukatsokomola molakwika kuno ku Neno, ku Zomba amva tsiku lomwelo. Ndimadziwa kuti palibe chinthu choyenda chopanda mwini. Ndinasuzumira kunsi kwa tebulo. Ndinazungulira kuseri kwa khoma. Ndinalondola waya mpaka mu mtengo wa mango umene unali pafupi ndi denga, ndinakweramo, ndinapezamo linthumbu lokhalokha. Nanga dzanja ndi la yani? Zimene chikuona m'nyumba za anthu chikukauza yani? N'chifukwa chiyani Nachisale anakwera minibasi masana omwewo osadya kanthu? N'chifukwa chiyani a Kanyumbu analeka kundiyang'ana m'maso? Ndinachipatsa dzina, Chidinadina, ndipo ndinachiuza m'khutu la kompyuta kuti ndikuchiona.

Tsiku lake linali lamsika. Pabwalo la mpira panali msonkhano wa chipani china, akugawa nsalu ndi malaya, ndipo ofesi yonse inathamangira kumeneko, patsogolo a Kanyumbu, amene anali ndi malaya a zipani zonse m'kabati ndipo ankavala molingana ndi amene wabwera. Ndinatsala ndekha ndi tsache ndi Chidinadina, dzuwa lili pamutu.

Choyamba pagalasi panatuluka kazenera kofiira, kakuphethira ngati diso la munthu wokwiya. Ndinakatseka. Panatuluka tina. Ndinatitseka, panatuluka tambiri ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. M'kazenera kena munali gudumu la juga likuzungulira. M'kena munali bambo wa mano oyera kwambiri akundionetsa makiyi a galimoto, koma ine Chingerezi sindiwerenga, nyambo ndimaidziwa. Kenako panatseguka kena, mayo ine! Chidinadina chinali chitakankha chitseko cha bafa mayi wa eni ake akusamba. Ndinavula jekete n'kuphimba galasi nkhope ili kudenga, chifukwa mwina ndi apongozi a munthu.

Pamenepo mpamene mutu unanditseguka. Timazenera timeneti anali eni makomo. Chilombocho chinali chitalowa m'nyumba za dziko lonse popanda odi, m'zipinda, m'nkhokwe, m'nyumba za siwa osavula ndi chipewa chomwe, ndipo munthu aliyense wolowereredwa amalondola mapazi. Mapazi onsewo ankathera ku Neno, pampando umene dziko lonse linkadziwa kuti ndi wa Zakeyu. Kwathu kuno wolowa m'nyumba ya mnzake mosaodira amapepesa ndi nkhuku. Wosuzumira kubafa ndi mbuzi. Nanga wochita zimenezo kwa anthu onse a pansi pa thambo?

Nditasuzumira panja ndinaona waya wa telefoni utatupa ngati nsato yomeza mbuzi, chotupacho chikukwera phiri kuchokera ku Mwanza, mitengo yogwira wayayo ikuwerama umodzi umodzi, mbalame zonse zathawapo, ndipo mkati mwake munkamveka nsapato, agalu, zinenero zopanda mutu ndi maloya akutsokomola, pamene mu ofesi ngodya ina mukugwa chisanu choyera, ngodya ina mwadzaza mchenga wa m'chipululu, kudenga kukudontha madzi amchere muli ndi nsomba yamoyo imene ndinaiponda ndi phazi langa lomweli. Mukumva, a Kachingwe? Nsomba ya m'nyanja yaikulu, pamwamba pa phiri la Neno, masana a tsiku lamsika!

Ndinataya tsache, ndinalumphira pampando wanga, ndinagwira mausi. Chidinadina chinakokera kumanzere, ine kumanja. Chinakwera, ine ndinatsitsa. Mausi inkaphiriphitha m'dzanja ngati mlamba. Nditaona kuti kuchigwira n'kosatheka, ndinayamba kuchitsata m'mbuyo, khomo lililonse limene chalakwira ine ndikufikapo n'kupepesa, “Odi, eni khomo, pepani, ndi mwana wosavinidwa ameneyo, analeredwa ku Blantyre,” dzanja limodzi likudina, lina likuwomba pantchafu m'malo mwa m'manja, ndipo ena anandizindikira nati, “Aa, ndi a Mtambalika, mukanati musabwere inu tikanaonana,” n'kubwerera, ndipo ndinapepesa m'Chichewa, ndinapepesa m'Chisena, ndinapepesa m'zinenero zimene sindinazimvepo ndipo zinangotuluka zokha chifukwa cha changu, mpando ukuzungulira chipinda chonse mpaka matayala anakumba ngalande musimenti, chala chikufuka utsi, ine n'kumachizika mu nachesi kuti tswee, nachesi n'kuuma pomwepo ngati chikopa, mpaka dengu lonse la alimi a ku Matandani linatha. Mizere ya chala changa inathera pamenepo. Inatsalira pa mausi, ndipo amene anaigula pambuyo pake akuti inkadina yokha akatchula dzina langa.

Koma chilombocho chinali chaliwiro. Ine ndikapepesa nyumba imodzi, icho chalakwira mudzi wathunthu. Chotupa chija chinali chitafika kale kumunsi kwa msika. Ndinkamva fungo la mafuta onunkhira a maloya.

Apa mpamene ubwana wanga unandithandiza. Ine ndinakula ndikusaka m'mapiri awa, ndipo ndimadziwa kuti chilombo cha kuuna sulimbana nacho pakhomo pake. Umachisiya chituluke, chipite kutali, iwe n'kutseka una. Ndinasiya mausi. Ndinatola tsache n'kuyamba kusesa, ndikuimba mluzu ngati ndagonja, koma diso lili m'mbali. Chidinadina chinakondwa. Chinadina, chinadina, chinadutsa kwa anthu olemba ngati mapazi a nkhuku, chinadutsa kwa olemba chobwerera m'mbuyo, chinapitirira mpaka kumphepete kwenikweni kwa dziko kumene tsamba limatseguka lopanda kanthu. Nditaona kuti chafika kumene sichingabwerere msanga, ndinatenga chikwanje chimene tinkadulira nsungwi za madengu, ndinatuluka, ndinakwera mu mango muja linthumbu likundidya, ndinakweza dzanja.

Khaa!

Waya unalira ngati chikwapu, nsonga yake n'kundimenya pa chala chomwechi, chili chofewa ndi moto, n'kuchipinda mmene mukuchioneramu. Khamu lonse lija linagubuduka chobwerera, maloya, agalu, bambo wa makiyi, onse kutsetsereka phiri ngati mbatatesi zotayika mulole, mpaka kukaunjikana ku Mwanza. Phokoso lake linamveka ku Chifunga, ng'ombe zinagwada. Pabwalo la mpira chimkuzamawu chinazima, ndipo bwana amene ankalonjeza msewu wa phula anaiwala pomwepo zimene ankanena. Enanu mumadabwa kuti zinathera pati. Zinathera pamenepo.

Mu ofesi munali zii. Chisanu chinasungunuka, mchenga ndinasesa, nsomba anadya mphaka wa pamsika. N'chifukwa chake a Kanyumbu atabwerako, nsalu yachipani ili paphewa, sanapeze umboni. Anangoona waya ukulendewera, dengu la manachesi lili makoko okhaokha, ndi ine nditakhala pampando wamatayala chikwanje chili pamiyendo. Munthu woleredwa akanafunsa kaye kuti chala chatani. Iwo anagwira mutu n'kuyamba kuitana amayi awo.

Nachisale anabweranso patapita masiku. Anayatsa kompyuta, anaona timazenera tija titauma pagalasi, anapukusa mutu.

“Ndi tizilombo ta m'kompyuta chabe, agogo. Pulogalamu ija inadina malo oipa. Mukanangozimitsa jenereta.”

Mwamva? Mwini wake anavomera ndi pakamwa pake kuti chinadina malo oipa. Koma kuzimitsa jenereta! Kuti ndichitsekere mkati, chizikhala nafe? Nyalugwe akalowa m'khola, inu mumazimitsa nyali n'kunena kuti mwathana naye? Iye anapukuta m'mimba mwa kompyutamo, anakwera minibasi, ndipo ndinamva kuti anamukweza pantchito. Okonza waya sanabwere mpaka mvula inagwa. A Kanyumbu anauza alimi kuti panali mzungu wina amene anatsala pang'ono kuyankha zogula manachesi onse, koma Zakeyu anadula waya. Mzungu wake uti? Ine ndinkadziwa makomo onse, sindinamuonepo. Manachesi anapita kwa mavenda monga mwa kale, ena anaolera m'madengu, ndipo alimi omwe aja ankandilonjera poyamba anayamba kundilambalala panjira. Mpando unalowa mu ofesi ya a Kanyumbu mwezi usanathe. Tsache analipereka kwa mlamu wawo. Tsono ndiuzeni ngati sizinali zopangana kuyambira pachiyambi, chifukwa mlamuyo anali atafika kale pa boma pano ndi chikwama chake ine ndisanakwere mu mango.

Mukuseka, a Kachingwe. Sekani. Koma pitani kukhola kwanu mukaone ngati mbuzi zanu zilimo. Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero, ndani anabwera kuno kuchokera kunja kudzaitanitsa mbuzi ya mlandu wa kubafa? Palibe. Ndi mmodzi yemwe. Mukuganiza kuti anangokhululuka okha? Umenewo ndiwo umboni wanga, ndipo mumaudya pa Khirisimasi iliyonse osanena zikomo.

Ndipo Chidinadina sichinafe, musadzinamize. Ndinachitsekera kunja, sindinachiphe. Chili komweko, chikuyendabe khomo ndi khomo, chinakwatira, chinabereka. Timauthenga timene timabwera m'mafoni anuwa, toti mwapambana galimoto dinani apa, toti m'bale wanu wakunja wakusiyirani chuma dinani apa, mumati amatumiza ndani? Ndi zidzukulu zake zimenezo. Zikufunafuna njira yobwerera ku Neno, ndipo zikufunafuna munthu amene anatsekera agogo awo kunja. Zibwere! Ine Zakeyu Mtambalika ndinagonjetsa kholo lawo ndi chala chimodzi, zala zinazi zikadali zowongoka, sindiopa chinthu chopanda ndi mwendo womwe.

Imeneyo ndi foni ya yani ikunjenjemerayo? Yanu, a Kachingwe? Mwabwera chiyani? Mawu abuluu? Ali ndi mzere kunsi? Musandionetse, ilozeni uko! Ikani pansi, chafufumimba. A Jafali, chitseko chanu chakumbuyo chija n'chotsegula? Ayi, sindikuthawa, ndangokumbukira kuti ndinasiya nkhuku zisanamwe madzi. Inu a Kachingwe, ngati mutu wanu woumawo ukuti mudine, yambani mwavula chipewa, munene odi. Ndipo akakufunsani za Zakeyu, muwauze kuti anasamukira ku Mozambiki kalekale.